Liwonde ndi Mawira Ake

Munthu wa ku Chikweo amene wapatsidwa kalata yoti akaonane ndi dokotala ku chipatala chachikulu cha boma la Machinga, amadzera ku Nselema ndi ku Ntaja, natsetsereka m'chigwa kufikira atafika pa Liwonde. Mnzake wochokera ku Balaka amafikanso pomwepo, koma iye amayamba waoloka mtsinje wa Shire. Onse awiriwa chimene amaona msanga ndi mtsinje waukuluwo, mvuu zake ndi zitseko zachitsulo zotchinga madzi ake. Komatu pa Liwonde pali madzi enanso amene mlendo wa paliwiro sawaona. Amenewa ndi akasupe a madzi otentha, otumphuka pansi kufupi ndi mtsinjewo, amene anthu amawatcha mawira.

Dzina limeneli lichokera ku mawu akuti kuwira, ndipo si la ku Liwonde kokha ayi. Ku Nkhotakota kulinso akasupe otchuka a dzina lomwelo. M'dziko la Malaŵi akasupe otere alipo ambiri ndithu, kuyambira ku Chitipa ndi Karonga kutsika mpaka ku chigwa cha Shire, ndipo pakati pa otentha koposa pali a ku Chiweta m'boma la Rumphi, kumene madzi amafika pafupifupi madigiri 80. Munthu akawalemba onse pa mapu, aona kuti andanda m'mbali mwa nyanja ndi mwa mtsinje wa Shire monga mikanda pa ulusi. Ichi sichidachitike mwangozi.

Nyanja ya Malaŵi ndi mtsinje wa Shire zili m'kati mwa chigwa chachikulu chimene chimayambira kumpoto, ku Ethiopia, ndi kutsika mpaka ku Mozambique. Chigwa chimenechi chidapangika pamene nthaka idang'ambika ndi kutitimira pang'onopang'ono kwa zaka mamiliyoni ambiri, nisiya ming'alu yozama m'matanthwe. Tsono mvula ikagwa m'mapiri ozungulira chigwacho, madzi ena amalowa m'ming'alu ija ndi kutsika kutali kwambiri. Pansi pa dziko n'potentha: pa kilomita iliyonse imene madzi atsika, kutentha kumaonjezeka ndi madigiri 25 kapena 30. Madzi akatentha amapepuka, ndipo akapeza mng'alu wina wolunjika kumwamba, amakwera msanga asanazizire natulukira kunja. Motero madzi a m'mawira ndi mvula yakalekale imene yayenda ulendo wautali pansi pa nthaka.

Pa ulendo umenewo madzi sabwera chimanjamanja. Monga momwe madzi otentha amasungunulira shuga msanga kuposa ozizira, madzi a pansiwa amasungunula michere ya m'matanthwe amene adutsamo. N'chifukwa chake amakoma mosiyana ndi a pachitsime, ndipo ena amamveka kafungo ka sulufule, konga ka dzira lowola.

Chigwa chomwecho chimene chidapatsa Liwonde akasupe ndicho chidampatsanso mtsinje, ndipo mtsinjewo ndiwo udaitana anthu. Kale m'mbali mwa Shire munkakhala Amang'anja, alimi ndi asodzi odziwanso kusula zitsulo ndi kuomba nsalu za thonje. Chapakati pa zaka za m'ma 1800 kudafika Ayao kuchokera kum'mawa, ku dziko limene lero ndi chigawo cha Niassa ku Mozambique. Iwowa anali amalonda odziwa njira zopita ku gombe la nyanja yamchere, kumene ankagulitsa minyanga ya njovu ndi akapolo nabwerako ndi nsalu, mikanda, mfuti ndi onga. David Livingstone adadutsa m'dera lino m'chaka cha 1859, ali pa ulendo wapansi umene udamfikitsa ku nyanja m'mwezi wa Sepitembala. Imodzi mwa mafumu a Chiyao amene adakhazikika m'mbali mwa mtsinje inali mfumu Liwonde, ndipo dzina lake ndilo lidatsalira pa malowa mpaka lero.

Yemwe adagwira doko la pamtsinje ndiye adagwira malonda. Angerezi atalengeza ulamuliro wawo m'chaka cha 1891, sadafune kuti njira ya pamadzi yopita ku nyanja ikhale m'manja mwa wina. M'chaka cha 1893 asilikali a Harry Johnston adamenyana ndi mfumu Liwonde, ndipo pambuyo pake padamangidwa linga lotchedwa Fort Liwonde. Sitima zapamadzi zochokera ku Matope zinkadutsa pamenepa popita ku Fort Johnston, kumene lero ndi ku Mangochi. Koma mtsinje suchita pangano ndi munthu. Kuyambira m'chaka cha 1915 madzi a m'nyanja adatsika kotero kuti Shire adaleka kuyenda bwino, mchenga ndi bango zitatseka njira yake, ndipo zinthu zidakhala choncho kwa zaka pafupifupi 20. Sitima zitasowa podutsa, Liwonde adatsala kamudzi ka padoko chabe.

Moyo watsopano udadza dziko litalandira ufulu. M'chaka cha 1965 padamangidwa Kamuzu Barrage, ndiwo mpanda wa zitseko 14 wopingasa mtsinje. Malowa adasankhidwa chifukwa chakuti kuchokera ku nyanja kufika pa Liwonde mtsinje umayenda pamalo osatsetsereka kwenikweni, kotero kuti wotseka zitseko pa Liwonde amasunga madzi mpaka m'nyanja momwe. Madzi amenewo ndiwo amazunguza makina opanga magetsi ku Nkula, amene adayamba ntchito m'chaka cha 1966, ndiponso ku Tedzani ndi ku Kapichira. M'chaka cha 1970 njanji yochokera ku Nkaya idaoloka Shire pa Liwonde kulowera ku Nayuchi ndi ku doko la Nacala, ndipo m'chaka cha 1973 boma lidakhazikitsa nkhalango yosungirako nyama ya Liwonde National Park. Msewu, njanji ndi mtsinje zidakumana pamodzi, ndipo pokumana njira sipasowa msika.

Kalembera wa anthu akuonetsa bwino zimene zidatsatira. M'chaka cha 1977 pa Liwonde padali anthu osakwana 4,000. Pofika 1987 adaposa 8,000, m'chaka cha 1998 adaposa 15,000, ndipo kalembera wa 2018 adapeza anthu oposa 36,000. M'zaka zomwezo anthu a m'dziko lonse adachuluka kuchoka pa mamiliyoni 5.5 kufika pa mamiliyoni 17.5, ndiye kuti katatu, pamene a pa Liwonde adachuluka pafupifupi kakhumi. Kuchuluka kotere sikuchokera ku kubereka kokha. Ambiri adachita kubwera: Ayao ndi Alomwe a m'midzi ya Machinga, anthu a ku Balaka, limene lidakhala boma palokha m'chaka cha 1998, ndi ena ochokera kutali odzagwira ntchito za njanji, zachipatala, zamasukulu ndi zamalonda. Misikiti ndi matchalitchi zidamangidwa moyandikana, ndipo pamsika pamamveka Chiyao ndi Chichewa mosinthana.

Anthu akachuluka, funso loyamba limakhala la madzi, ndipo apa ndi pamene mawira afunika kuwadziwa bwino. Kulikonse kumene kuli akasupe otere m'dziko muno, anthu amasambako ndi kuchapako, makamaka m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi. Ubwino wake ndi woonekeratu: nkhuni siziwonongeka potenthetsa madzi, litsiro limachoka msanga m'zovala, ndipo okalamba odwala nyamakazi amapezako mpumulo, pakuti madzi ofunda amafewetsa minofu ndi kuchepetsa kuphwanya kwa thupi. Ena amakhulupirira kuti madziwa amachiza mphere ndi zipere. Kusamba kawirikawiri kumathandizadi khungu, koma nthenda zimenezi zili ndi mankhwala ake kuchipatala, ndipo kasupe salowa m'malo mwa mankhwalawo.

Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pakati pa michere imene madzi otentha amasungunula m'matanthwe pali umodzi wotchedwa fluoride. Mcherewu suoneka ndi maso, sununkha, ndipo sumveka pa lilime. Ukakhala wochepa umalimbitsa mano, n'chifukwa chake amauika m'mankhwala otsukira m'kamwa. Koma bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limalangiza kuti m'madzi akumwa usapitirire mamiligalamu 1.5 pa lita imodzi, pamene madzi a m'mawira ambiri a m'Malaŵi amapitirira muyeso umenewu kangapo. Mwana amene akumwa madzi otere pamene mano ake akupangika, ndiye kuti kuyambira ali khanda kufikira zaka zisanu ndi zitatu, mano ake aukulu amamera ali ndi mawanga oyera, achikasu kapena ofiirira, ndipo mawangawo sachoka ndi mswachi. Munthu akamwa madzi a fluoride wochuluka kwa zaka zambiri, mafupa ndi mfundo za thupi zimauma ndi kupweteka.

Vutoli silithera pa kasupe penipeni. Ming'alu imene imakweza madzi otentha imathanso kusakaniza madziwo ndi amene mijigo ndi zitsime zapafupi zimatunga. Akatswiri a Yunivesite ya Malaŵi amene adayeza madzi a m'boma la Machinga adapeza fluoride wopitirira muyeso m'mijigo ina ya dera la Liwonde, napezanso ana asukulu a mano amawanga. Makolo ambiri poona mano otere amaganiza kuti mwana satsuka m'kamwa, kapena kuti n'zakumtundu, osadziwa kuti gwero lake lili m'ndowa.

Chofunika kuchikumbukira n'chakuti kuwiritsa madzi kumapha tizilombo, koma sikuchotsa fluoride. Madzi akaphwera pamoto, mcherewo umatsala wochuluka m'madzi otsalawo. Mankhwala a klorini nawonso sauchotsa. Njira yoona ndiyo kuyezetsa madzi a mjigo kudzera kwa alangizi a zaumoyo kapena ofesi ya zamadzi ya boma, ndipo mjigo ukapezeka ndi mchere wambiri, madzi ake azigwira ntchito yochapira ndi kusamba. Akumwa ndi ophikira, makamaka phala la ana, azitungidwa ku mpopi kapena ku mjigo umene udayezedwa nupezeka wabwino. Madzi a mvula otchezedwa pa denga laukhondo alinso ndi fluoride wochepa kwambiri.

Liwonde adakula chifukwa cha madzi. Doko lidaitana mfumu, mfumu idaitana linga, zitseko za pamtsinje ndi njanji zidaitana khamu la anthu. Mawira adalipo zonsezi zisanachitike, ndipo amatumphukabe usana ndi usiku, dzinja ndi chilimwe. Pamene pamalowa padali mabanja owerengeka, kusadziwa za mchere wa m'madzi kunkapweteka ana ochepa. Pamudzi wa anthu oposa 36,000 kungapweteke ana mazanamazana. Kholo lodziwa kusiyanitsa madzi osamba ndi madzi akumwa lidzasangalala ndi kufunda kwa mawira, nilidzasunganso mano a mwana wake.