MUSAPEREKE NDALAMA MUSANAONE BUKU LA GALIMOTO

Nyengo ya kukolola ikatha, thonje, fodya, nshawa ndi soya zitagulitsidwa, alimi ambiri a m'Cigawo ca Kum'mawa amakwera basi kupita ku Lusaka ali ndi ndalama zao m'thumba. Colinga cao ndi cabwino ndithu. Afuna galimoto yonyamulira zokolola kupita nazo ku msika, yotutira feteleza, ndiponso yothamangira nayo ku cipatala munthu akadwala pakati pa usiku. Koma comvetsa cisoni ndi cakuti ena amabwerera kumudzi ndi galimoto imene pamaso pa lamulo si yao, ngakhale kuti analipira mtengo wonse. Cotero owerenga athu ayenera kudziwa zimene Boma limafuna pogula ndi pogulitsa galimoto yakale.

M'zaka za m'ma 1970 galimoto zinali zocepa m'dziko lino. Zina za mtundu wa Fiat zinali kumangidwa ku Livingstone, ndipo munthu wokhala ndi galimoto anali kudziwika ndi mudzi wonse. Zinthu zinasintha pambuyo pa caka ca 1991, pamene malonda ndi maiko akunja anatsegulidwa. Galimoto zogwiritsidwa kale nchito zinayamba kulowa mwaunyinji kucokera ku Japan, zina kudzera pa doko la Dar es Salaam ndi cipata ca Nakonde, zina kudzera ku Durban ndi Chirundu. Lero lino munthu wocokera kum'mawa akangofika ku Chelstone amayamba kuona galimoto zandandalikidwa m'mbali mwa mseu wa Great East. Zina zimagulitsidwa ndi eni ake pa nyumba zao ku Woodlands ndi ku Kabulonga, zina pa magalaji a ku Kabwata, ndipo m'kati mwa tauni muli amkhalapakati amene amaonetsa zithunzi pa foni ndi pa Facebook. Ambiri mwa ogulitsawa ndi anthu oona mtima, koma mlendo sangasiyanitse woona ndi wonyenga poyang'ana nkhope cabe. Mapepala ndiwo amasiyanitsa.

BUKU LA GALIMOTO

Bungwe limene limasunga kaundula wa galimoto zonse m'Zambia ndi Road Transport and Safety Agency, mwacidule RTSA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la Road Traffic Act, nambala 11 la caka ca 2002. Galimoto iriyonse yolembetsedwa iri ndi citupa cake cimene anthu amacicha White Book. M'menemo mumalembedwa dzina la mwini, nambala ya galimoto, mtundu wake, nambala ya injini ndi nambala ya chasisi, ndiyo nambala yosindikizidwa pa citsulo ca thupi la galimoto.

Coyamba kufunsa kwa wogulitsa ndi buku limeneli, lenileni, osati la fotokope. Yerekezani dzina la m'buku ndi la pa citupa cake ca unzika, cija timati reji. Ngati maina asiyana, funsani cifukwa cake. Kawirikawiri yankho limakhala lakuti galimoto yadutsa m'manja mwa anthu awiri kapena atatu popanda kusintha dzina, ndipo mwini wolembedwa m'buku sadziwika kumene ali. Wogula galimoto yotere amagula vuto, pakuti kudzakhala kovuta kwambiri kuti dzina lake lilowe m'kaundula popanda mwini ameneyo.

Caciwiri, tsegulani boneti ndi kuwerenga nambala ya injini ndi ya chasisi, cilembo ndi cilembo, poyerekeza ndi za m'buku. Ngati pamalo a nambala paoneka popalidwa, pooceredwa kapena popakidwa penti watsopano, musapitirire. Mbala zimasintha nambala kuti galimoto yobedwa ioneke ngati ina. Lamulo ndi lomveka pa nkhani iyi: wakuba sangapatse munthu umwini wa cinthu cimene iye mwini alibe. Apolisi akaipeza galimotoyo amailanda, ndalama za wogula zimapita, ndipo iye angafunsidwe mafunso pa mlandu wolandira katundu wobedwa. Nkwanzeru kupita ndi galimoto ndi mwini wake kwa apolisi oona za kubedwa kwa galimoto kuti aifufuze musanalipire. Wogulitsa woona sakana ulendo umenewu.

NGONGOLE NDI CUMA CA MASIYE

Galimoto ingakhale yosabedwa koma iri ndi mwini wina wobisika. Ngati inagulidwa pa ngongole ya ku banki, dzina la banki limalembedwanso m'buku kufikira ngongoleyo itatha. Enanso amaika galimoto zao cikole kwa obwereketsa ndalama. Lamulo la caka ca 2016 lokhudza katundu wonyamulika woikidwa cikole linakhazikitsa kaundula ku bungwe la PACRA, kumene munthu angafufuze ngati galimoto inalembedwa monga cikole ca ngongole.

Cenjerani ndi galimoto ya munthu amene anamwalira. Woyenera kuigulitsa ndi yekhayo amene khoti linam'sankha kuyang'anira cuma ca masiye, ndipo ayenera kuonetsa kalata ya khoti. Kugula kwa m'bale wina aliyense ndiko kudziitanira mlandu ndi mkazi wamasiye ndi ana ake.

CITUPA CA FITINESI

Pa galasi lakutsogolo la galimoto pamamatidwa timapepala tosonyeza msonkho wa pamseu, inshuwalansi ndi fitinesi. Fitinesi ndi umboni wakuti woyesa galimoto wa RTSA anaipima naipeza yoyenera kuyenda pamseu. Amayang'ana mabuleki, ciwongolero, matayala, nyali zakutsogolo ndi zakumbuyo, magalasi, hutala ndi utsi wotuluka. Galimoto za anthu wamba zimapimidwa kamodzi pa caka, pamene mabasi ndi matekisi onyamula anthu amapimidwa kawirikawiri koposa apo. Galimoto zocokera ku Japan zimayeneranso kupimidwa zisanakwezedwe m'sitima, ndipo nchito imeneyi imayang'aniridwa ndi bungwe la Zambia Compulsory Standards Agency, lokhazikitsidwa ndi lamulo la caka ca 2017.

Pano ndi pamene ambiri amasokera. Fitinesi si umboni wa umwini, ndiponso si lonjezo lakuti injini ndi yamoyo. Woyesa samasula injini kapena giyabokosi. Citupaco cimanena za tsiku limene galimoto inapimidwa, ndipo m'miyezi yotsatira mabuleki angathe kudyeka. Akuluakulu anati cikomekome ca mkuyu m'kati muli nyerere. Tengani makanika wanu, osati wosankhidwa ndi wogulitsa, kuti alize injini ikali yozizira, ayang'ane pansi ngati mafuta akudontha, ndi kuiyendetsa pamtunda.

Wina akakuuzani kuti angakupezereni fitinesi galimoto iri pa nyumba osapita kukapimitsa, kanani. Umenewo ndi mlandu wa ciphuphu, ndipo ngozi yake ndi yoposa mlanduwo. Kucokera ku Lusaka kufika ku Chipata ndi ulendo woposa makilomita 550. Pa mapiri a Manenekela ndi pa matsitso a ku mlatho wa Luangwa, cimene cidzaimitsa galimoto yodzaza ndi matumba a feteleza ndi mabuleki enieni, pepala logula silingathandize.

KUSINTHA DZINA

Mukagwirizana mtengo, lembani kalata ya malonda. Mukhale tsiku, mtengo, maina ndi nambala za reji za nonse awiri, nambala ya galimoto, ya injini ndi ya chasisi, ndipo mboni zisaine. Ngati nkotheka lipirani kudzera ku banki kuti pakhale umboni. Pambuyo pake pafunika kalata ya ku Zambia Revenue Authority yosonyeza kuti za msonkho ziri bwino, ndipo pa cifukwa cimeneci nambala ya msonkho yochedwa TPIN imafunidwa. Pafunikanso inshuwalansi m'dzina la mwini watsopano, pakuti lamulo siliola galimoto kuyenda popanda inshuwalansi yoteteza anthu ena pa ngozi. Ndi mapepala amenewa, pamodzi ndi White Book, mupite ku RTSA, kumene galimoto imayang'anidwa kuti nambala zake zigwirizane ndi za m'kaundula, kenaka buku latsopano limatuluka m'dzina lanu.

Maofesi a RTSA ali ku Lusaka, ndipo alinso ku Chipata. Komabe nkwabwino kumaliza nchito yonse pamene wogulitsa ali pafupi. Mukafika ku Katete kapena ku Lundazi ndi kupeza kuti pepala limodzi likusowa, mudzataya ndalama ya basi kufunafuna munthu amene mwina wasintha nambala ya foni. Lipirani pa ofesi pokha ndi kulandira risiti ya Boma, osati kwa anyamata oima pa geti.

KWA OGULITSA

Kusintha dzina kumateteza wogulitsanso. Lamulo limafuna kuti RTSA idziwitsidwe msanga galimoto ikasintha mwini. Ngati dzina lanu likali m'kaundula ndipo galimotoyo yagunda munthu ndi kuthawa, kapena yagwiritsidwa nchito pa umbava, apolisi adzayamba kugogoda pa khomo lanu. Sungani kope la kalata ya malonda ndi la reji ya wogula, ndipo musapereke buku muli ndi ciyembekezo cabe cakuti iye adzasintha yekha.

Wogulitsa akanena kuti pali wina amene akubwera ndi ndalama madzulo ano, musatekeseke. Galimoto mu Lusaka ndi zambiri, koma ndalama za thonje zimabwera kamodzi pa caka, ndipo zinathiridwa thukuta ndi banja lonse. Safunsa anadya phula. Kugona masiku awiri kapena atatu kwa m'bale ku Kabwata poyembekeza mapepala ndi kochipa kuposa kubwerera kumudzi ndi makiyi a galimoto imene mawa idzatengedwa ndi mwini wake.