KUGULA NYUMBA YA M'MWAMBA: PHUNZIRO LA KU HILLBROW

Kwathu kuno munthu akanena kuti wagula nyumba, aliyense amamva kuti wagula malo, makoma anayi, denga ndi bwalo limene angadzalepo mtengo wa mango ndi kumangapo khola la nkhuku. Denga likadontha amadziwa yekha tsiku lolikonza, ndipo akalekerera, wonyowa ndi iye yemwe ndi ana ake. Koma m'mizinda ikuluikulu ya m'maiko ena muli madera amene nyumba zotere n'zosowa, chifukwa anthu amakhala m'mafulati, m'nyumba zosanja momwe banja lina limagona pamwamba pa linzake. Limodzi mwa madera otere ndi Hillbrow, mumzinda wa Johannesburg, dera limene abale athu ambiri opita ku Joni amalidziwa bwino. Mbiri ya dera limeneli ili ndi phunziro kwa aliyense amene akulingalira zoika ndalama zake m'fulati, ndipo phunziro lake ndi ili: wogula fulati amagula zipinda zake pamodzi ndi gawo la nyumba yonse, ndiponso khalidwe la eni anzake amene sanawasankhe.

Hillbrow ali pamtunda, chakumpoto kwa pakati pa mzinda. Pamene derali linakhazikitsidwa m'zaka za m'ma 1890, linali la nyumba wamba zokhala ndi mabwalo. Zinthu zinasintha kuyambira m'chaka cha 1946, pamene khonsolo ya mzinda inachotsa malire a kutalika kwa nyumba m'deralo. M'zaka za m'ma 1950 ndi 1960 nyumba zakale zinagwetsedwa ndipo m'malo mwake munamera nyumba zosanja, ina pafupi ndi inzake. Nsanja yotchuka ya Hillbrow Tower, yotalika mamita 269, inatsirizidwa mu 1971, ndipo mu 1975 ku Berea, moyandikana ndi Hillbrow, kunatsegulidwa Ponte City, chinyumba chozungulira cha nsanjika zoposa 50, chotalika mamita 173. Kalembera wa m'chaka cha 2011 anapeza anthu oposa 74,000 ku Hillbrow, pamalo ongopitirira pang'ono sikweya kilomita imodzi. Awerengi athu aganizire anthu a tauni yathunthu ataunjikana pamalo amene munthu angawazungulire wapansi osakwana ola limodzi.

Poyamba nyumba yosanja iliyonse inali ndi mwini mmodzi kapena kampani imodzi, ndipo okhalamo ankangolipira lendi. Lamulo lotchedwa Sectional Titles Act, la m'chaka cha 1971, ndi limene linalola kuti nyumba imodzi igawidwe papepala ndi kugulitsidwa fulati imodziimodzi, wogula aliyense ndi chikalata chakechake cha umwini. Lamuloli linalowedwa m'malo ndi lina la dzina lomweli mu 1986. Malinga ndi lamuloli, malire a fulati amathera pakatikati pa khoma, pakatikati pa simenti ya pansi ndi pakatikati pa simenti ya pamwamba. Zonse zotsala, monga nthaka, maziko, denga, masitepe, makonde, chikepe ndi mapaipi aakulu a madzi, ndi za eni onse pamodzi. Gawo la munthu aliyense pa zinthu za onsezi limawerengedwa poona kukula kwa fulati yake poyerekeza ndi mafulati onse a m'nyumbamo.

Tsiku limene munthu walandira chikalata chake, tsiku lomwelo amakhala membala wa bungwe la eni nyumbayo, limene lamulo limalitcha body corporate. Safunsidwa ngati akufuna, ndipo sangatulukemo pokhapokha atagulitsa fulatiyo. Bungweli limakumana chaka ndi chaka, limasankha matrasti oliyendetsa, limavomereza ndondomeko ya ndalama za chakacho, ndi kugawira mwini aliyense chopereka cha mwezi ndi mwezi chimene anthu kumeneko amachitcha levi. Ndalama imeneyi ndi imene imalipira alonda, osesa, inshuwalansi ya nyumba, magetsi a m'makonde, okonza chikepe, ndiponso madzi, popeza m'nyumba zambiri zoterezi madzi amalowera pa mita imodzi ya nyumba yonse. Makolo athu anati mutu umodzi susenza denga. M'nyumba yosanja mwambi umenewu ndi lamulo lolembedwa.

Aphunzitsi athu a masamu angathe kuonetsa ana pabolodi momwe nyumba yotere imagwera. Tiyerekeze kuti nyumba ili ndi mafulati 100 ofanana, ndipo kuti iyende bwino pamafunika R200,000 pamwezi. Mwini aliyense ayenera kupereka R2,000. Eni 30 akaleka kupereka, m'thumba mumalowa R140,000 yokha. Ngati eni 70 otsalawo afuna kutseka dzenjelo, aliyense ayenera kupereka ndalama zoposa R2,850, ndipo ena mwa iwo, poona kuti akusenzera anzawo katundu, nawonso amaleka. Matrasti amayamba ndi kusiya zimene zingadikire: penti, denga, mapaipi. Kenaka chikepe chimafa ndipo sichikonzedwa. Wokhala pansanjika ya 12 amene ali ndi kothawira amasamuka, naikamo alendi. Ngongole ya madzi ikakula, khonsolo imadula madzi a nyumba yonse, ndipo wokhulupirika amene sanaphonyepo mwezi ndi umodzi womwe amatunga madzi ndi ndowa pamodzi ndi amene sanaperekepo.

Zimenezi ndi zimene zinachitikira nyumba zambiri za ku Hillbrow, ndipo n'kofunika kuti zifukwa zake zimveke bwino, chifukwa pali ena amene amafulumira kuloza chala anthu amene anabwera pambuyo. Pansi pa lamulo la tsankho la Group Areas Act la mu 1950, derali linali la azungu okha. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, makamaka pambuyo pa zipolowe za ku Soweto za mu 1976, azungu ambiri anayamba kuchokamo ndipo mafulati anatsala opanda anthu. Amwenye, makaladi, ndipo kenaka anthu akuda, amene kumadera kwawo kunali kusowa kwa nyumba koopsa, anayamba kulowamo mobisa. Mu 1982 woweruza Richard Goldstone anagamula kuti munthu wopezeka wolakwa pa lamulolo asatulutsidwe m'nyumba khoti lisanaone, mwa zina, ngati ali ndi kwina kokakhala. Malamulo a mapasi anathetsedwa mu 1986, ndipo Group Areas Act inafafanizidwa mu 1991.

M'zaka zonsezo mlendi wokhala mobisa analibe pakamwa podandaulira. Eni ena osakhulupirika anapezerapo mwayi wokweza lendi ndi kuleka kukonza nyumba, podziwa kuti wodandaula akhoza kumangidwa. Kuti lendi ikwane, mabanja awiri kapena atatu ankagawana fulati yomangidwira anthu awiri, ndipo mapaipi ndi zikepe zinalemedwa. Pamwamba pa izi mabanki anayamba kukana kubwereketsa ndalama zogulira nyumba m'deralo. Fulati imene wogula sangaipezere ngongole mtengo wake umagwa, ndipo mwini amene akuona kuti chuma chake chasanduka chabe safunanso kulipira levi. Eni ambiri anangochoka osatsazika. M'nyumba zina zosiyidwa chotero munalowa magulu a zigawenga amene anayamba kutolera lendi ngati eni ake, osalipira madzi, osakonza kanthu.

Kumene nyumba yopanda woiyang'anira imathera kunaoneka pa 31 Ogasiti 2023, pamene nyumba ya Usindiso ya ku Marshalltown, pakati pa mzinda womwewo, inapsa usiku ndipo anthu 76 anafa, ena mwa iwo Amalawi anzathu. Nyumbayo inali ya khonsolo ya mzinda, koma inali italekereredwa, ndipo m'kati mwake munali mutamangidwa tizisakasa ta matabwa. Komiti yofufuza, yotsogozedwa ndi woweruza wopuma Sisi Khampepe, inapeza mu 2024 kuti khonsoloyo inali ndi mbali pa tsokalo chifukwa chosakwaniritsa malamulo ake omwe. Mwini akhale boma, kampani kapena eni mafulati 100, nyumba yosanja ikasowa woisamala imasanduka msampha.

Komabe kungakhale kulakwa kunena kuti Hillbrow yense ndi bwinja. Mumsewu umodzi womwewo mumapezeka nyumba yonunkha, ya mawindo osweka, ndipo moyang'anana nayo muli ina yoyera, ya mlonda pakhomo ndi chikepe choyenda. Ponte City, imene m'zaka za m'ma 1990 zinyalala zinaunjikana m'bowo lake la pakati mpaka kukwirira nsanjika za pansi, inayeretsedwa ndi kukonzedwanso m'zaka za m'ma 2000. Chimene chinathandiza n'chakuti inali ndi mwini mmodzi wotha kulamula ntchito, pamene nyumba ya eni ambiri iyenera kuyamba yasonkhanitsa anthu omwazikana. Mu 2004 kampani ya Johannesburg Housing Company pamodzi ndi eni nyumba ena anayambitsa ntchito yotchedwa eKhaya, imene inasonkhanitsa oyang'anira nyumba zoyandikana kuti adziwane, ayeretse tinjira ta pakati pa nyumba ndi kulondera misewu yawo pamodzi. Nalo boma linakhwimitsa malamulo. Kuyambira mu Okutobala 2016 bungwe lililonse la eni mafulati liyenera kukhala ndi thumba lapadera losungira ndalama za mtsogolo ndi ndondomeko ya zaka 10 ya zokonza, ndipo pali ofesi ya Community Schemes Ombud Service yoweruza mikangano ya eni mafulati pamtengo wotsika kuposa kukhoti.

Tsono wofuna kugula achite chiyani? Ayambe ndi mabuku a bungwe asanaone zipinda. Apemphe malipoti a ndalama ofufuzidwa a zaka ziwiri kapena zitatu zapitazo, ndipo aone ndalama zimene eni sanalipire, ngongole ya kukhonsolo, ndi zimene zili m'thumba la mtsogolo. Awerenge zolembedwa za misonkhano ya pachaka, chifukwa m'menemo ndi momwe mumatuluka nkhani ya denga lodontha ndi levi yapadera imene ikubwera. Afunse ngati inshuwalansi ya nyumba ndi yolipiridwa, ndiponso kuti ndi eni angati amene amagonamo okha. Bungwe lopanda mabuku oonetsa layankha kale funso lake. Levi yotsika kwambiri isamusangalatse, popeza kawirikawiri imatanthauza kuti palibe chimene chikukonzedwa.

Akatha mabuku, ayendere nyumbayo kawiri, masana ndi usiku. Akwere pa masitepe m'malo mwa chikepe, aone ngati muli magetsi, ngati zitseko zothawira moto zili zotsegula ndi ngati zozimira moto zilipo. Acheze ndi mlonda ndi wosesa, amene amadziwa zambiri kuposa wogulitsa. Fulati ya penti watsopano m'nyumba ya masitepe amdima ndi chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndipo ngati banki ikukana kubwereketsa ndalama pa nyumba imeneyo, adziwe kuti tsiku lodzagulitsa naye adzasowa wogula.

Pomaliza, ndalama zidutse m'manja mwa loya wosamutsa umwini, ndipo dzina la wogula lilembedwe ku ofesi ya zikalata za malo. Lamulo la kumeneko sililola kuti fulati isinthe mwini popanda umboni wakuti ngongole za kubungwe ndi za kukhonsolo zakonzedwa. Mlendo wochokera kunja amaloledwa kugula, koma amene sakhala m'dzikomo kawirikawiri mabanki amamubwereketsa theka lokha la mtengo. Munthu wopereka ndalama pamanja kwa wina amene wangomuonetsa makiyi sanagule kanthu.

Wogula adziwenso kuti moyo wa m'fulati uli ndi mwambo wake. Ubwino ulipo: ntchito, masukulu, zipatala ndi Park Station zili pafupi, ndipo ndalama za ulendo wa tsiku ndi tsiku zimapulumuka. Koma khoma lako ndi khoma la mnzako. Wailesi yako amaimva, madzi otayika m'bafa mwako amadonthera pabedi pake, ndipo mbaula yoyatsidwa m'chipinda chimodzi ingathe kupha anthu a nsanjika yonse. Ana alibe bwalo, ndipo alendo ochokera kumudzi sangakhale miyezi itatu monga tinazolowera, popeza malamulo a nyumba zambiri amaika malire a anthu ogona m'fulati imodzi. Kuposa zonse, mwini ayenera kupita ku misonkhano ndi kuvomera kusankhidwa kukhala trasti ikafika nthawi yake. Nyumba zambiri zinagwa m'manja mwa anthu abwino amene analibe nthawi ya msonkhano.

Mizinda yathu ya Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu ikukula, malo akuchepa, ndipo nyumba zosanja zikuwonjezeka. Akuluakulu a m'makhonsolo ndi m'maofesi oona za malo ndi nyumba achita bwino kuphunzira mbiri ya Hillbrow nthawi ikadalipo, pakuti nkhanga zinapangana kusanapse. Asanavomereze kuti nyumba igulitsidwe fulati imodziimodzi, afunse kuti denga adzakonza ndani, ndalama zake zidzasungidwa kuti, wokana kulipira adzatani naye, ndipo adzayendera nyumbayo chaka ndi chaka ndani. Nawo aphunzitsi ndi ogwira ntchito m'boma, amene ambiri ndalama yaikulu amaigwira kamodzi kokha popuma pantchito, afunse mafunso omwewa kwa aliyense wowaonetsa fulati, kuno kapena ku Joni, ndipo asasaine pepala mpaka mayankho ake ataaona olembedwa.