GULE AKOMA KUM'MAWA, KOMA WOIMBA ADYANJI?

CHIPATA. Munthu wofika pa msika wa Kapata m'miyezi ya kukolola amalandiridwa ndi nyimbo asanaone katundu aliyense. Pa tumatebulo ta anyamata a makompyuta pamakhala mzere wa anthu ocokera kumidzi, ena atangogulitsa nshawa, ena thonje kapena soya, ndipo aliyense amakhala atafumbata kamemori kadi m'dzanja. Pempho lao ndi limodzi, lakuti awaikiremo nyimbo zimene zangotuluka kumene.

Wokonda nyimbo wa kuno Kum'mawa sabisika. Pa njinga yake pamakhala kawailesi komangirira ndi mphira, ndipo akamva nyimbo yacilendo pa Breeze FM kapena pa Radio Maria mtima wake sukhala pansi kufikira atadziwa mwini wake. Akafika kumudzi madzulo anzake amamzinga monga munthu wobwera ndi nkhani za kutali. Pomatha sabata, ana opita kudambo ndi ng'ombe amakhala ataigwira kale nyimboyo pamtima.

Ku maiko a ku Ulaya maphwando aakulu a nyimbo amacitika m'miyezi ya June, July ndi August, pamene kumeneko kwafunda. Kuno nyengo ya zisangalalo imatsata munda. Pa dzinja munthu amakhala ndi khasu m'manja ndipo m'thumba mulibe kanthu. Nkhokwe zikadzala, misewu ikauma, ndi pamene mabwalo amatseguka, ndipo wokonda nyimbo amayamba kuwerenga masiku.

MABWALO AWIRI AAKULU

Bwalo loyamba limatseguka mvula isanathe. Loweruka lothera la February anthu zikwizikwi amasonkhana ku Mtenguleni pa mwambo wa Nc'wala, pamene Inkosi ya Makosi Mpezeni amalawa zipatso zoyamba za m'munda. Mwambowu unaleka kucitika Angoni atagonjetsedwa ndi asilikari a Angelezi mu 1898, ndipo unadzutsidwanso mu 1980. Wokonda nyimbo akaima m'bwalo limeneli amamva nyimbo imene wailesi singathe kuinyamula yonse: mau a amuna ambirimbiri ovala zikopa, kuomba m'manja kwa amai, ndi kugunda kwa mapazi kumene kumanjenjemeretsa nthaka.

Bwalo laciwiri ndi la ku Mkaika m'boma la Katete, kumene Loweruka lothera la August mafumu a Acewa a m'Zambia, Malawi ndi Mozambique amadzalamba kwa Kalonga Gawa Undi. Kumeneko kumaturuka Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO linamcitira ulemu mu 2005 monga cuma ca anthu a pa dziko lonse lapansi. Kumavinidwanso cimtali, citelele ndi magule a anamwali.

Acinyamata ena amayesa kuti ku miyambo yotere kumaimbidwa zamakedzana zokhazokha. Amai a cimtali amadziwa kuti si tero. Iwo amapeka nyimbo zatsopano caka ndi caka, zodzudzula mwamuna womwera ndalama za thonje, zodandaula mtengo wa feteleza, zoseka mkamwini waulesi. Ng'oma ndi yakale, koma nkhani ndi ya caka comweco.

Amene ali ndi ciphaso ndi kandalama amaoloka malire pa Mwami kupita ku Malawi, kumene maphwando a nyimbo a m'mphepete mwa nyanja anachuka kwambiri. Lake of Stars inayamba mu 2004, ndipo Sand Music Festival inakhazikitsidwa ndi malemu Lucius Banda, amene anamwalira mu 2024. Ku maphwando amenewo munthu salowa asanalipire pakhomo, ndipo m'ndalama zimenezo ndi mmene mumacokera malipiro a oimba.

LUDZU LAKALE

Ludzu la nyimbo zatsopano silinayambe ndi mafoni. Mu 1949 kunafika wailesi yochipa ya batiri yochedwa Saucepan Special, imene inali kugulidwa ndi mapaundi 5. Mudzi wonse unali kusonkhana pa khonde la mwini wailesiyo kumvetsera mau ocokera ku Lusaka, ndipo pakati pa mau amenewo panali a Alick Nkhata, muulutsi ndi woimba amene nyimbo zake zinafika ngakhale m'midzi yopanda msewu. A Nkhata anafa mu 1978 pamene asilikari a Rhodesia anaukira dera la Mkushi.

Pakati pa zaka za m'ma 1970 Pulezidenti Kenneth Kaunda analamula kuti nyimbo 95 mwa 100 zoulutsidwa pa wailesi zikhale za m'Zambia. Oimba anaphuka ngati bowa. Kampani ya Teal ku Ndola inali kudinda mbale za galamafoni, ndipo magulu monga WITCH ndi Ngozi Family ya Paul Ngozi anali kudzaza maholo. Paul Ngozi anali kuimba zambiri m'Cinyanja ca m'makomboni a Lusaka, motero anthu a Kum'mawa anali kumumva popanda womasulira. Masiku amenewo wofuna nyimbo anali kugula mbale, ndipo gawo la ndalamayo linali kufika kwa mwini nyimbo.

Cimwemwe cimeneco sicinakhalitse. Mtengo wa mkuwa unagwa mu 1975, ndalama zinasowa m'matumba, ndipo malamulo oletsa kuyenda usiku m'nthawi ya nkhondo ya Rhodesia anatseka madansi. Pambuyo pake kunabwera makaseti, amene munthu aliyense anali kutha kujambula kunyumba popanda kulipira. Matenda a Edzi anatenga oimba ambiri m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990. Paul Ngozi anamwalira mu 1989 asanakalambe, ndipo kudinda mbale kunatheratu m'dziko muno. Anthu sanaleke kukonda nyimbo m'zaka zonsezo. Cimene cinaleka ndi ndalama kufika kwa oimba.

Cocititsa cidwi ndi cakuti ulemu unadzabwera kucokera kunja. Makampani a ku America ndi ku Ulaya anayamba kufunafuna mbale zakalezo ndi kuzidindanso. Gulu la WITCH linadzukanso motsogozedwa ndi Emmanuel Jagari Chanda, ndipo linatulutsa cimbale catsopano cochedwa Zango mu 2023. Mu 2024 woimba wa ku America Tyler, the Creator anatenga cigawo ca nyimbo ya Ngozi Family ya mu 1977, Nizakupanga Ngozi, naciika m'nyimbo yake yochedwa Noid. Mau a Cinyanja anamveka kwa anthu mamiliyoni patapita zaka 35 mwini wake ali m'manda.

WALIRA MVULA WALIRA MATOPE

Apa ndi pamene pagona nkhani ya kamemori kadi ka pa msika. Mlimi amalipira makwaca angapo ndipo amapatsidwa nyimbo mazanamazana. Ndalamayo imathera pa tebulo pomwepo. Mnyamata wa ku Chadiza kapena ku Lundazi amene anagulitsa mbuzi kuti alipire situdiyo salandirapo ngakhale ngwee imodzi, ngakhale kuti nyimbo yake ikulira m'mabasi ndi m'maukwati onse. Lamulo loteteza eni nyimbo linakhazikitsidwa mu 1994, koma lamulo palokha silingaime pa tebulo lililonse la m'misika ya kumidzi.

Mlimi ndiye woyenera kumvetsa bwino dandaulo limeneli, pakuti iye amadziwa kuwawa kwa kulima caka conse kenaka phindu n'kudyedwa ndi wogula wa sikelo yokhota. Woimba nayenso ndi mlimi. Munda wake ndi nyimbo, ndipo akakolola mphepo caka cino, caka camawa amapacika gitala n'kupita kukafuna ganyu.

Wokonda nyimbo ali ndi mphamvu zambiri kuposa mmene amaganizira. Gulu la oimba likabwera pa sukulu kapena pa holo ya boma, angathe kulipira pakhomo m'malo molowera kumpanda. Pokonza ukwati angathe kuitana anyamata a banjo a m'mudzi woyandikana ndi kuwapatsa colowa ceniceni, osati nsima yokha. Angathe kutumiza uthenga ku wailesi kupempha nyimbo ya mwana wa kwao, pakuti dzina likamveka kawirikawiri ndi pamene okonza maphwando amalifuna. Makolo anasiya kale mwambo wa kufupa: wovina akakometsa bwalo, woonerera amadzuka n'kukaponya kanthu pa mapazi ake, anthu onse akuona.

Mwambo umenewo ukalipo ku Mtenguleni ndi ku Mkaika. Cotsala ndi cakuti wokonda nyimbo aukumbukirenso pamene waima pa mzere wa pa msika wa Kapata, ndalama za nshawa zili m'thumba.