Kusintha Ubuntu pa seva imene ili kutali

Kumapeto kwa mwezi wa May m'caka ca 2025, Ubuntu 20.04 inakwanitsa zaka zisanu zimene kampani ya Canonical imapeleka thandizo la nthawi zonse la citetezo. Kucokela pamenepo, aliyense wosunga seva pa pulogilamu imeneyi anafunika kusankha: kulembetsa thandizo loonjezela kapena kusamukila ku mtundu watsopano.

Seva ndi kompyuta imene imasunga mapeji a pa intaneti, makalata ndi mafaelo a kampani. Nthawi zambili imakhala m'nyumba ya makompyuta ku Johannesburg, London kapena Frankfurt, pomwe woisamalila ali pa ofesi mu Lusaka. Iye amailamulila kudzela mu njila yochedwa SSH, imene imalowela pa khomo nambala 22. Vuto ndi lakuti pulogilamu ya SSH ili pakati pa zinthu zimene zimasinthidwa. Zili monga kukonza mlatho iwe utaimilila pamwamba pake.

Coyamba, kulumpha sikuloledwa. Amene ali pa 20.04 ndipo afuna 24.04 ayenela kupitila pa 22.04, kuona ngati zonse zikuyenda, ndiyeno n'kupitiliza.

Lamulo la do-release-upgrade likazindikila kuti munthu walowela pa SSH, limatsegula khomo lina losungila, nambala 1022, kuti loyamba likatsekeka iye apeze polowela. Koma khomo limeneli silithandiza ngati firewall ikulitsekeleza, ndipo kulitsegulila ndi nchito ya munthuyo. Lamuloli limagwilanso nchito mkati mwa pulogilamu ya screen, kotelo kuti intaneti ikaduka, kusinthako kumapitilila pa seva. Amene akumbukila mmene malaiti anali kuzimila m'caka ca 2024, madzi atacepa mu Kariba, aona phindu lake.

Pakati pa nchito, makina amafunsa ngati asunge faelo yakale ya sshd_config kapena aike yatsopano. Funsoli limaoneka laling'ono, ndipo ambili amaliyankha mothamanga, cimene ndi kusasamala. Faelo yatsopano ingabwezele khomo pa nambala 22 pomwe mwini anali atalisamutsila pa nambala ina, ndipo firewall ikukana 22. Palinso nkhani ya makiyi: OpenSSH 8.9 imene ili mu 22.04 imakana siginecha yakale ya ssh-rsa, motelo mapulogilamu akale olowela amabwezedwa pakhomo ngakhale kiyi ili yolondola.

Nthawi yoopsa koposa ndi yoyatsanso makina. Apa khomo 22, khomo 1022 ndi screen zonse zimazima pamodzi. Ngati kernel yatsopano yalephela kuyamba, kapena netiweki sinadzuke, seva imangokhala zii. Cotsala ndi console imene kampani yosunga seva imapeleka, yoonetsa zimene munthu woima pafupi ndi makinawo akanaona. Iyenela kuyesedwa nchito isanayambe, ndipo kope la zonse za pa disiki lisungidwe pa malo ena.

Akatswili ena sasintha n'komwe seva yakale. Amabweleka yatsopano, amaikamo mtundu watsopano, amasamutsila mafaelo, ndipo yakale amaizima pambuyo pa masiku angapo. Kutelo kumafuna kulipilila maseva awili kwa kanthawi.