Zithunzi za minda ya tiyi ku Thyolo: kukongoletsa kulekeze pati?

Aliyense amene anayesapo kujambula minda ya tiyi ya m'boma la Thyolo m'mamawa amalidziwa vuto lake. Kumwamba kumawala kwambiri pomwe m'mizere ya tiyi ndi pansi pa mitengo mumakhala mdima. Kamera ikatsata kuwala kwa thambo, munda umada bii. Ikatsata munda, thambo limangoyera mbuu.

Diso la munthu limaona mbali ziwirizi popanda vuto, koma kamera imalephera. Pofuna kuthana ndi vutoli, akatswiri amagwiritsa ntchito njira yotchedwa HDR, chomwe ndi chidule cha mawu a Chingerezi akuti high dynamic range. Wojambula amatola zithunzi zitatu kapena kuposerapo za malo amodzi, china chakuda, china chapakatikati, china chowala, kenaka kompyuta imaziphatikiza n'kutulutsa chimodzi chooneka bwino ponseponse.

Luso limeneli si lachilendo. M'zaka za m'ma 1850, Gustave Le Gray wa ku France ankajambula nyanja payokha ndi thambo palokha n'kuziphatikiza. M'chaka cha 1997, Paul Debevec ndi Jitendra Malik a ku America anafotokoza momwe kompyuta ingagwirire ntchitoyi, ndipo mu 2010 kampani ya Apple inaika HDR mu iPhone 4. Lero mafoni ambiri amachita zimenezi okha, mwini wake osadziwa.

Ku Thyolo lusoli lili ndi phindu lake. Maesiteti monga Satemwa, yomwe inakhazikitsidwa mu 1923, amalandira alendo, ndipo chithunzi choonetsa munda, phiri la Thyolo ndi mitambo pamodzi chimathandiza kukopa anthu odzaona malo.

Vuto limabwera pamene kukonzako kwapyola muyeso. Zizindikiro zake n'zosabisika: mzere woyera wozungulira mitengo ndi mapiri, mitambo yakuda ngati kukubwera chimvula, masamba obiriwira ngati apakidwa penti, komanso mithunzi yozimiririka moti malo otsetsereka amaoneka ngati achidikha. Nkhope za anthu othyola tiyi nazo zimatuluka zamakwinya ndi zotuwa, mosiyana ndi eni ake.

Kwa ogwira ntchito m'boma, nkhaniyi si yongokhudza kukongola. Mtundu wa tsamba ndi uthenga. Mlangizi wa zaulimi akaona masamba achikasu amadziwa kuti mbewu ikusowa chakudya kapena madzi. Munda wofota ndi dzuwa la mu Okutobala ukasanduka wobiriwira mu lipoti, akuluakulu ku likulu angaganize kuti zonse zili bwino. Chimodzimodzinso pa nthawi ya ngozi, monga namondwe Freddy amene anasakaza maboma a kummwera kuphatikizapo Thyolo mu Marichi 2023: chithunzi chimakhala umboni, ndipo umboni wokometsera kapena wokokomeza umasocheretsa ogawa thandizo.

Atolankhani a m'maiko ena anaika kale malire. Pa mpikisano wa World Press Photo wa 2015, zithunzi pafupifupi 20 pa 100 zilizonse zomwe zinafika kumapeto zinachotsedwa kaamba kosinthidwa mopyola muyeso. M'chaka chomwecho, bungwe lofalitsa nkhani la Reuters linauza ojambula oima paokha kuti azitumiza zithunzi za mtundu wa JPEG zotuluka mu kamera, zokonzedwa pang'ono chabe.

Muyeso wake ndi wosavuta. Kukonza n'kololedwa ngati kukubwezeretsa zomwe wojambula anaona ndi maso ake pamalopo. Kwapyola malire ngati munthu wa ku Thyolo, woudziwa mundawo, sangauzindikire.

Choncho n'kofunika kuti maofesi azisunga chithunzi choyambirira chisanakonzedwe, azilemba tsiku ndi malo amene chinajambulidwa, komanso azisiyanitsa zithunzi zokopera alendo ndi zoika m'malipoti. Zoika m'malipoti zisasinthidwe mtundu.