Buku Lopatulika ndi dripi: chaka chimene ndinadwazika amayi

Lero mlendo palibe, ndipo nthabwala zathu zija za Chichewa chothyoka tiziika kaye pambali. Ndili ndekha, nkhani yake ndi ya kunyumba kwathu. Ndisanajambule ndinapempha kaye chilolezo kwa amayi. Anati, "Kanene, koma dzina langa usatchule, komanso usandisandutse mngelo." Ndiyesetsa kusunga zonse ziwiri.

Matenda opanda dzina

Amayi anabwera kuno ku England ine ndisanabadwe, ndipo kwa zaka zoposa 20 akhala akugwira ntchito yosamalira okalamba. Ndi mayi wa Mvano weniweni, wa bulauzi yoyera ndi duku loyera, amene munthu akadwala amayamba ndi iwo kufika ndi poto wa phala. Kuti iwonso angadwale, ife ana sitinkaziganizira n'komwe.

Kuno NHS imaitana amayi a zaka 50 mpaka 71 kuti akaunikidwe mawere zaka zitatu zilizonse. Kalata yawo inabwera, inakhala pamwamba pa firiji miyezi ingapo. Akuti ntchito, akuti mashifiti a usiku. Kenako tsiku lina akusamba anamva kachotupa kolimba ku bere lakumanzere, kosapweteka. Anapita okha kwa GP, anapita okha kukatengedwa kanyama kokayeza, zotsatira anakazimvanso okha. Milungu itatu yathunthu anali akudziwa, ife ayi. Ine ndinadziwa mwangozi, ndikufuna makiyi a galimoto m'chikwama chawo, n'kupeza kabuku ka Macmillan konena za khansa ya m'mawere.

Inu amene mukuphunzira Chichewa, tamvetserani mmene akuluakulu athu amalankhulira za matendawa. Mawu oti khansa alipo, aliyense amawadziwa, koma satuluka pakamwa. Amati "sakupeza bwino", amati "ali ndi chotupa", kapena amangoti "matenda aja". Munthu akamwalira amati "anadwala nthawi yaitali". Ena amaopa miseche, ena amaopa kuti kumudzi ayamba kulozana zala kuti wamulodza ndani. Chonsecho khansa ndi maselo a m'thupi lako lomwe amene ayamba kuchulukana mosalamulirika. Sipatsirana, ndipo ikapezeka msanga mwayi wochira umakhala waukulu. Chomvetsa chisoni n'choti kuno ku England amayi achikuda ambiri amapezeka nayo itakula kale poyerekeza ndi azungu. Kalata ya pafiriji ija si ya kwathu kokha.

Usiku umenewo ndinawafunsa kuti, "Amayi, bwanji simunatiuze?" Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Ndimafuna ndiyambe ndamaliza kukambirana ndi Mulungu, kenako inu." Ndinafunsa ngati anamaliza. Anati, "Sanayankhebe."

Nkhuyu za Hezekiya

Madokotala anaika ndondomeko: opareshoni, kenako chemotherapy kasanu ndi kamodzi, kamodzi pa milungu itatu iliyonse, kenako radiotherapy, pomaliza mapiritsi oti azimwa kwa zaka. Opareshoni inayenda bwino. Chemo ndiye inali nkhani ina. Mankhwalawa amapha maselo amene amachulukana mofulumira, ndiye pamodzi ndi a khansa amagundanso a tsitsi, a m'kamwa ndi a m'magazi. Tsitsi linayamba kutsala pa pilo. Nsima, amayi ankati ikukoma ngati akutafuna supuni. Munthu amene ankanyamula okalamba tsiku lonse ankapumira pakati pa masitepe.

Atalandira ulendo wachiwiri, wachibale wina anawatumizira pa WhatsApp nambala ya mneneri. Sinditchula dzina, si nkhani yake. Uthenga unali woti asale kudya masiku 7, atumize ndalama ya mbewu, adzoze mafuta, ndipo mankhwala a kuchipatala asiye, chifukwa kupitiriza ndiko kukayika Mulungu. Kutatsala masiku awiri kuti tipite ulendo wachitatu, amayi anangoti, "Sindipitanso."

Apa ndinalakwitsa, ndivomere. Ndinapsa mtima, ndinalankhula Chingerezi chokhachokha, chothamanga, ndikuwawerengera zimene ndinaona pa intaneti. Anandisiya ndimalize. Kenako anati, "Iwe, ukuona ngati ndine wopusa? Ine ndasamalira anthu odwala iwe usanamere mano. Ndatopa, mwana wanga. Ndipo ndikuopa kuti mwina chikhulupiriro changa n'chimene chachepa." Ndinasowa chonena. Ine ndinkalimbana ndi umbuli umene panalibe, pamene iwo ankalimbana ndi mantha oti alakwira Mulungu.

Amene anatipulumutsa ndi mayi wina wachikulire wa Mvano, namwino wopuma pa ntchito. Ndinamuimbira foni ndikulira, anakwera basi usiku womwewo. Sanakalipe. Anakhala pamphepete pa bedi, anapempha Baibulo, n'kutsegula 2 Mafumu chaputala 20. Pamenepo mfumu Hezekiya adwala chithupsa mpaka kutsala pang'ono kufa, alira, apemphera, ndipo Mulungu amuonjezera zaka 15. Koma mneneri Yesaya alamulabe kuti atenge nkhuyu aziike pa chithupsacho. Mayi uja anatseka buku n'kunena kuti, "Achemwali, pemphero linamveka, koma nkhuyu anaikabe. Dripi ija ndi nkhuyu zanu. Mawa ndikuperekezani." Anakumbutsanso kuti Luka amene analemba Uthenga Wabwino anali dokotala, ndipo Paulo sanamuuze kuti asiye ntchitoyo.

Amayi anakhala chete nthawi yaitali. M'mawa anadzuka okha, anamanga duku, tinapita.

Chichewa cha pakati pa usiku

Kumudzi wodwala akagonekedwa m'chipatala amakhala ndi gadiyani, wachibale amene amaphika, kuchapa, kumusambitsa, mwina n'kugona pansi pafupi ndi bedi. Kuno zimenezo kulibe, kuli maola ozondera basi. Koma kunyumba gadiyani ndinali ine, ndipo ntchito imene sindinaiyembekezere inali yowerenga.

Mankhwala ena oletsa mseru ankawasowetsa tulo. Cha m'ma 2 koloko usiku ankandiitana kuti ndiwawerengere Masalimo. Ndinatenga foni kuti ndiwerenge m'Chingerezi, anakana. Anati masana Chingerezi amachimva bwinobwino, koma usiku chimangodutsa pamwamba, sichilowa. Anandipatsa Buku Lopatulika lawo lachikuto chong'ambika, limene anachoka nalo kumudzi. Baibulo limeneli linatuluka mu 1922, Chinyanja chake n'chakale, kalembedwe kake n'kosiyana ndi ka lero. Pali lina la Chichewa chofewa, Buku Loyera la 1998, koma iwo ankafuna lomwelo limene agogo ankawawerengera.

Ndinkaphunthwa pa mzere uliwonse. Iwo ali chigonere, maso ali chitsinzinire, ankandikonza: "Bwereza. Usathamange, palibe akukuthamangitsa." Tsiku lina ndinalakwitsa mawu ena moti anaseka mpaka bala la opareshoni linawapweteka. Kuseka koyamba m'miyezi iwiri. Chichewa chimene mukundimva nachochi, chambiri ndinachiphunzira pamphepete pa bedi limenelo.

Ine ndinkathamangira Salimo 23, la mbusa lija, chifukwa n'lotonthoza. Iwo nthawi zambiri ankapempha Salimo 88. Mukaliwerenga muona kuti ndi la munthu amene akudandaula kwa Mulungu kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo limathera mumdima, popanda yankho. Ndinafunsa kuti bwanji limeneli, losautsa chonchi. Anati, "Chifukwa munthuyu sakunama. Ndipo ngati Mulungu analola kuti mawu oterewa akhale m'buku lake, ndiye kuti angathe kumva anga."

Pang'onopang'ono mapemphero awo anasintha. Poyamba funso linali loti ndalakwanji. Tinawerenga Yohane 9, pamene ophunzira afunsa za munthu wobadwa wosaona kuti anachimwa ndani, iye kapena makolo ake, Yesu n'kukana zonse ziwiri. Tinawerenga 2 Akorinto 12, pamene Paulo apempha katatu kuti munga wa m'thupi mwake uchoke, koma osachoka, m'malo mwake apatsidwa chisomo chopirira nawo. Amayi sanasiye kupempha machiritso, ayi ndithu. Koma anayamba kupemphanso zinthu zazing'ono: mphamvu za lero lokha, kuti phala likhale m'mimba, kuti mtsempha upezeke msanga pobaya.

Mpingo unaphunziranso

Nkhani itamveka ku tchalitchi, Lamlungu loyamba kunyumba kunadzaza anthu 14, kuimba, kugwirana manja, wina akutsokomola. Kuzonda odwala ndi mwambo wathu wabwino, koma chemo imatsitsa asilikali a m'thupi, moti chimfine wamba chingathe kugoneka munthu m'chipatala. Ife tinauzidwa kuti thupi likatentha kufika 38 tiimbe foni nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku. Namwino wopuma uja anaimirira pa Mvano n'kuika malamulo: anthu awiri basi pa ulendo, wachimfine apempherere kwawo, ndipo ulaliki usapitirire mphindi 10. Ena anadandaula, koma anamvera.

Mutu umodzi susenza denga. Anagawana masiku. Wina ankabweretsa kale wotendera ndi chiponde, wina ankaperekeza ku radiotherapy ine ndili ku ntchito, bambo wina anatchetcha kapinga chilimwe chonse osalowa n'komwe m'nyumba. Abusa anabweretsa Mgonero pa tebulo la pabalaza. Amayi, amene moyo wawo wonse anazolowera kupereka, anavutika kwambiri kulandira. Anandiuza kuti pa zonse, limeneli ndiye linali phunziro lowawa kuposa kuthothoka tsitsi.

Ndili m'kati mwa zimenezi ndinawerenga za Cicely Saunders, namwino amene anadzakhala dokotala, Mkhristu, amene mu 1967 anatsegula St Christopher's Hospice ku London. Iye ankaphunzitsa kuti ululu wa wodwala suli m'thupi mokha: uli m'maganizo, uli pa banja ndi pa ndalama, uli mumzimu, ndipo zonsezi zimafuna chisamaliro pamodzi. Ku Malawi, Lucy Finch anayambitsa malo otchedwa Ndi Moyo ku Salima, osamalira anthu odwala matenda osachiritsika kuti asamve ululu. Mayi wa Mvano uja mwina sanawerengepo mabuku a anthu amenewa, koma usiku wa nkhuyu uja anachita zomwezo.

Uthenga wopita kumudzi

Agogo tinawauza mochedwa, pa foni, amalume atakhala pambali pawo. Sanalire. Anafunsa funso limodzi: "Akudya?" Kenako anayamba nyimbo, ife kuno tikuyankha, netiweki ikudukaduka.

Amayi amadziwa kuti anali ndi mwayi. Kwa zaka zambiri ku Malawi kunalibe makina a radiotherapy, moti odwala ankadikira kutumizidwa kunja, ena n'kumwalira akudikira. Malawi alinso m'gulu la mayiko amene khansa ya khomo la chiberekero imapha amayi ambiri pa dziko lonse, ngakhale kuti imapeweka: kuyezetsa kulipo, ndipo katemera wa HPV anayamba kuperekedwa kwa atsikana m'dziko lonse mu 2019. Ndiye munthu yemwe uja amene anabisa matenda milungu itatu anajambula uthenga wa mawu pa gulu la WhatsApp la banja, kutchula khansa ndi dzina lake, n'kuuza amayi aang'ono ndi azisuweni onse kuti akayezetse. Amalume nawo sanawasiye. Kuno ku Britain mwamuna mmodzi mwa amuna anayi achikuda amadzapezeka ndi khansa ya prostate m'moyo wake, ndiye abambo a ku tchalitchi onse anamva zawo.

Lero lino

Tsitsi linamera, lofewa, la imvi, ndipo akana kulidaya. Mapiritsi akumwa m'mawa uliwonse, mafupa amawaphwanya, ntchito anachepetsa. Chaka chilichonse amakaunikidwa, ndipo sabata imeneyo kunyumba kumakhala zii. Madokotala amati pakadali pano sakuona kanthu. Mawu oti "mwachira" sanawanenebe.

Atabwerera ku tchalitchi anapemphedwa kupereka umboni. Anthu ankayembekezera chigonjetso, nthungululu zili pafupi. Koma amayi anayamba ndi kutchula mnzawo amene ankakhala naye mpando woyandikana polandira dripi, mayi wa ku Ghana, wopemphera kuposa iwo, amene anamwalira Khirisimasi isanafike. Anati, "Musanene kuti ine ndili moyo chifukwa ndinapemphera bwino. Mnzanga uja Mulungu sanamutaye, inenso sananditaye. Chimene ndikudziwa n'choti usiku uliwonse sindinali ndekha." Anakhala pansi. Nthungululu sizinamveke, koma potuluka amayi atatu anawakokera pambali, mmodzi akuti nayenso ali ndi kalata pafiriji.

Mawu athu a lero ndi atatu. Kudwazika ndi kusamalira munthu wodwala, usana ndi usiku. Kuzonda ndi kupita kukaona wodwala. Kupirira ndi kusenza chowawa osachitaya pansi, ndipo amayi amati kupirira sikutanthauza kukhala chete. Yesani kupanga chiganizo ndi mawu aliwonse. Mukamaliza, imbirani amayi anu kapena bambo anu, muwafunse m'Chichewa, ngakhale chothyoka, kuti anapita liti komaliza kukayezetsa. Akazemba funso, mufunsenso mawa.