Tayala Likayamba Kulira

Ambirife tikamva galimoto ikulira "huuu" pamsewu, timangokweza wailesi. Komatu nthawi zambiri phokosolo limachokera ku beringi, chitsulo chokhala ndi timipira m'kati chomwe chimathandiza tayala kuzungulira mofewa. Girisi akauma, kapena madzi ndi fumbi zikalowamo, timipirato timadyeka. Tikailekerera, beringiyo imatentha mpaka kugwira, ndipo tayala likhoza kuchoka galimoto ikuthamanga.

Phokosoli limakula liwiro likamakwera, ndipo limasintha pokhota. Likakula pokhotera kumanzere, kawirikawiri yatha ndi yakumanja, poti kulemera kwa galimoto kumatsamira kumeneko. Pofuna kutsimikiza, timakweza galimoto ndi jeke n'kuikapo chochirikiza, chifukwa jeke payekha ngosadalirika. Kenako timagwira tayala pamwamba ndi pansi n'kuligwedeza. Likamagwedera, kapena likamamveka ngati muli mchenga polizunguza, beringi yatha.

Posintha timachotsa tayala, mabuleki ndi habu. Yatsopanoyo iyenera kulowetsedwa ndi makina okanikizira, osati kukhomedwa ndi hamala monga timaonera m'magalaja ena. Hamala imaivulaza isanayende n'komwe. Nati nayo imangidwe pamlingo umene opanga galimotoyo analemba, osati mongoyerekeza ndi dzanja.